Tirigu wa mkamwini

Anandilowetsa m'mavuto ndi mandasi. Akazanga amakazinga mandasi n'kumagulitsa pa Njewa, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka, kwacha n'kugwanso mu Meyi, mtengo wa fulawa unangouluka. Tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno ndi wochokera kunja, choncho mfuti ikalira kutaliko, chiwaya cha pa Njewa chimamva nawo. Madzulo ena akudandaula, ine pakamwa panandiyabwa: "Amayi, khazikani mtima pansi. Fulawayo ndikulimirani ndine." Mawu amenewa anthu amandikumbutsabe, ngakhale pamaliro.

Ine ndine mkamwini, munda wangawanga ndilibe. Ndinatuma akazanga kuti akandipemphere kwa apongozi ndime ya kuchulu, imene chaka chilichonse imabereka mtedza wosaneneka. Mbewu anandibweretsera mlamu wanga woyendetsa lole, ndowa yathunthu, ataigula pamsika wa Tsangano.

"Abambo, ndi mtundu wanji umenewu?" anafunsa akazanga.

"Tirigu ndi tirigu basi."

Ndinayankha choncho ine yemwe chimanga sindigula ndisanafunse kuti chimacha masiku angati.

Mvula yobzalira itagwa mu Disembala, anzanga akubzala chimanga, ine ndinafesa tirigu wanga pamizere. Anamera mosiririka. Odutsa ankaima. Ena ankati ndi mpunga, ena ankati mkamwini wayamba kulima udzu wofolerera nyumba. Ine ndinkangoyenda m'munda manja kumbuyo ngati mwini esiteti.

Pofika Febuluwale masamba anayamba timadontho tofiirira. Ukadutsamo, thalauzi inkatuluka yofiira mpaka m'mawondo, ukapukuta tsamba ndi chala fumbi lake n'kutsalira pachalapo. Chinali chiwawu. Ngala zinatuluka zazifupi, zambiri mphwepwa zokhazokha, ndipo mapesi ena anagona pansi ndi mvula yamphepo. Zochepa zimene zinakhwima, mpheta zinaitanizana. Ndinalemba ana oti aziingitsa mbalame, malipiro ake mandasi. Ndiye kuti mpamba umene ndinkati ndikuupulumutsa uja unkathera m'mimba mwa ana a eni.

Apa m'pamene ndinakapeza alangizi. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanalankhule, kenako anafunsa kumene ndimakhala. Nditatchula mudzi wathu anagwira pakamwa, chifukwa malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, amene alipo kuyambira 1948, ndimadutsa pageti pake pa njinga ndikamapita kutauni.

Anandifotokozera mofatsa, zomwe zinandiwawa kuposa kukalipiridwa. Tirigu amafuna kozizira. Ku Tsangano, ku Neno ndi m'mapiri a ku Dedza n'kokwera, ndipo amafesa mvula ikamapita kumapeto kuti mbewu ikule ndi chinyontho chotsalira m'nthaka. Kuno kuchidikha cha Lilongwe kutentha ndi chinyezi cha dzinja ndiye chakudya cha chiwawu. Wofuna tirigu kuno afese cha mu Epulo kapena Meyi, kudimba kapena pamalo othirira, kuti aphuke nthambi m'chisanu cha Juni ndi Julayi, n'kukolola dzuwa la Okutobala lisanafike poipa. Mbewunso siigulidwa pandowa. Umafunsa dzina lake, ngati inayesedwa m'dera ngati lako, ngati imapirira chiwawu, ngati mapesi ake sagwa, komanso ngati ufa wake umafufuma. Chaka chomwecho cha 2023, nditamva pawailesi kuti ku Dowa, kufupi konkuno, akolola tirigu wothirira m'minda ikuluikulu, ndinachepetsa voliyumu kuti akazanga asamve.

Zokolola zanga nditapuntha, akazanga n'kupeta, zinakwana beseni limodzi losadzaza. Kuchigayo anthu anasiya matumba awo kudzaonerera. Ufa unatuluka woderako, wa madeyamadeya, koma ine ndinaumirira kuti aukande. Mandasi ake sanafufume. Kasitomala wina wakabaza analuma kamodzi, n'kufunsa mwaulemu ngati tayamba kugulitsa miyala ya legeni.

Apongozi sanandinene pamaso, si mwambo wake. Anangotumiza uthenga kudzera kwa mwana wawo woti ndime ya kuchulu ibwerere ku mtedza, ndiponso kuti safunsa anadya phula. Nditayesa kutchula za dimba lawo la kudambo, poti tsopano nyengo ya tirigu ndaidziwa, akazanga sanatembenuke n'komwe pachiwaya.

"Abambo, kudimbako kuli tomato wanga. Tengani njinga mukandigulire fulawa, ndalama ili pansi pa mbale."