Mlendo ndi Mame, Koma Osati Wamchira

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tanthauzo lake ngakhale mwana wa sitandade 5 amalidziwa: mlendo mulandireni bwino, muphereni nkhuku, musamuwerengere mitanda ya nsima, chifukwa mawa lomwe anyamuka. Amene adayambitsa mwambiwu ayenera kuti adali asanalandirepo galu kapena mphaka pakhomo pawo.

Ku Liwonde mame enieni sachedwadi. Mu Okutobala dzuwa limawauma munthu asanasukusule n'komwe. Koma pali alendo ena amene kutentha kwa m'mbali mwa Shire sikuwachita kanthu. Kagalu kofiirira, nthiti zonse zikuwerengeka, kamanyamuka pamsika wa nsomba n'kumatsatira fungo la mlamba wowamba umene wamangidwa kumbuyo kwa njinga ya kabaza. Njinga ikaima, nako kamaima. Kenaka kamakagona pansi pa thandala la mbale, mutu pa miyendo, maso ali mwachifundo.

Tsiku loyamba bambo a pakhomopo amatola mwala: "Galu wa ndani ameneyu? Asazolowere pano!" Tsiku lachiwiri ana amayamba kusiya mkute mwadala. Lachitatu mayi amapezeka akuwiritsa madeya m'chiphika chakale, uku akunena kuti akungofuna kuti kapeze mphamvu zobwererera kwawo. Sabata isanathe, kali ndi dzina. Ngati ana apambana mkanganowo, ndi Bruno kapena Tiger. Ngati apambana ndi mayi, dzinalo limakhala uthenga wopita kwa anansi: Mudzatopa, Zilikwanu, Ndaonazino. Pofika mwezi wachiwiri, bambo aja akabwera usiku kuchokera kokaonera mpira, mlendoyo ndiye amawauwa pachipata kufuna kudziwa kumene achokera.

Mphaka sachita zonsezi. Iye sapempha. Amadikira kuti chimanga chilowe m'nyumba, n'kubwera kudzayendera matumbawo ngati kuti wachita kutumidwa ndi boma. M'madera a Machinga ndi Balaka ali ndi mwayi wina, poti m'makomo ambiri a Chisilamu momwe galu amathera panja, mphaka amalowa mpaka kuchipinda. Alipo ena amene amati mphaka wongobwera yekha, makamaka wakuda, ndi wotumidwa. Makoswe akaboola thumba lachitatu, maganizo amenewo amayamba aikidwa kaye pambali.

Mwambo wolandira ziweto zosowa kwawo, choncho, si wachilendo kuno. Chachilendo ndi mapepala. Ku Lilongwe kuli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, LSPCA mwachidule, limene lidayamba mu 2008, ndipo ku Blantyre kuli linzake la BSPCA. Mabungwewa amatola agalu ndi amphaka otayidwa, ovulala kapena ozunzidwa, kuwapatsa mankhwala, n'kuwafunira makomo atsopano. LSPCA yakhalanso ikulimbana ndi malonda a tiagalu ndi tiamphaka m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe, momwe anyamata amatinyamula m'mwamba padzuwa tsiku lonse kuonetsa oyenda pa galimoto.

Munthu wa ku Liwonde, amene adazolowera kuti kagalu amasinthanitsa ndi nkhuku basi nkhani yatha, akamva mmene zimayendera kumalo otere amagwira pakamwa. Wofuna galu amafunsidwa mafunso ngati wofunsira mbeta kwa atsibweni ovuta. Pakhomo pali mpanda? Galuyo azigona pati? Mukachoka, atsala ndi ndani? Mumamanga agalu pa tcheni usana wonse? Nthawi zina amabwera kudzaona okha pakhomopo. Munthu amene adakwatira popanda wina womufunsa ngati ali ndi mpanda, lero akulephera mayeso a galu. Komabe amene wakhoza amatenga chiweto chobayidwa katemera wa chiwewe, chomwetsedwa mankhwala a njoka zam'mimba, ndiponso chofulidwa kapena chotsekedwa kuti chisabereke.

Palinso njira yachiwiri, ndipo apa mpamene mwambi wa makolo udalembedwa ngati pangano. Munthu amauzidwa kuti asunge chiweto kwa masabata ochepa chabe, mpaka chichire kapena chipeze mwini wake weniweni. Kawirikawiri timakhala tiana tamasiye tosatsegula maso, tofunika kuyamwitsidwa ndi botolo maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Mkaka wa ng'ombe umatitsegula m'mimba, ndiye pamafunika wakewake. Wosungayo amayenda ndi maso ofiira, bulangete lake labwino lasanduka chogonera cha alendo, nsapato imodzi yatafunidwa. Tsiku lobweza likafika, amayamba kupeza zifukwa: kakutsokomola pang'ono, sikanazolowere anthu, mwina sabata yamawa. Mabungwe osunga ziweto m'maiko ambiri amawadziwa bwino anthu otere, ndipo sadandaula nawo, poti galu wapeza khomo. Chimene amataya ndi wosunga mmodzi, chifukwa nyumbayo tsopano yadzaza.

Liwonde adalandirapo alendo amchira apamwamba kuposa onsewa. Nkhalango ya Liwonde National Park, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015, idalandira mikango mu 2018 ndi zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019. Mu Julaye 2021 kudafika mimbulu, abale ake a Bruno a kutchire. Idalipo 14, yochokera ku South Africa ndi ku Mozambique, ndipo 8 idabwera ku Liwonde pomwe 6 idapita ku Majete. Idakwera ndege, chinthu chimene eni ake ambiri a Bruno sadachitepo. Idayamba yasungidwa mumpanda kuti izolowere malo, ina idavekedwa makolala osonyeza kumene ili, ndipo nkhani yake idalembedwa m'manyuzipepala a kunja.

Pamenepa nthabwala ziyambe zaima. Mimbuluyo idaswana bwinobwino, koma mu Novembala 2022 gulu lonse la 18 lidapezeka litafa ndi poizoni m'nkhalangomo. Alendo amene adaitanidwa, kulipiriridwa ulendo ndi kulonderedwa ndi amene adakamukadi. Bruno, amene palibe adamuitana, akadali pansi pa thandala, ndipo wanenepa.

Vuto la mwambiwu ndi lakuti umapereka pothawira. Bola galu akutchedwa mlendo, palibe amene ali ndi udindo pa iye. Akathamangitsa wakuba nkhuku usiku, m'mawa bambo amanyadira pagulu: "Galu wanga uja ndi woopsa." Akaluma mwana wa a neba, bambo omwewo amatambasula manja: "Si wathu ameneyu, amangobwera." Galu wadya pakhomopo zaka zitatu, ana adakula naye, koma tsiku la mlandu amasanduka wodutsa.

Ndipo mlendo ameneyu amabwera ndi abale. Galu wamkazi amatha kutenga bere asanakwanitse chaka, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, ndipo angathe kubereka kawiri pachaka. Mphaka amaposa pamenepo. Tiana tamphongo timapeza otifuna msanga, poti aliyense akufuna mlonda. Tatikazi ndi timene timapezeka m'katoni m'mbali mwa msewu wa ku Mangochi kapena kuseri kwa msika, n'kukula tokha pa zinyalala, n'kudzatsatira njinga ina ya kabaza. Malo osungirako ziweto a ku Blantyre ali pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Liwonde, ndipo ngakhale akadakhala pa Kamuzu Barrage pomwe, sangakwanitse kulandira katoni iliyonse.

Chachikulu kuposa zonse ndi chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo 4 mwa 10 alionse olumidwa ndi nyama zokayikitsa amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kulibe. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidaona ana ambiri akumwalira motere, n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lidayamba ntchito mumzindawo mu 2015. M'masiku 20 okha adabaya agalu oposa 35,000, aliyense n'kumupaka penti pamphumi kuti asabayidwe kawiri. Agalu a mu Ndirande ndi Bangwe adayenda masiku angapo ali ndi chizindikiro ngati anthu ochokera kovota. Pambuyo pake ntchitoyi idafika ku Zomba ndi Chiradzulu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimasowa podutsa. Galu amene amavuta kumupeza pa tsiku la katemera ndi yemwe uja "amangobwera", poti palibe womugwira chingwe kupita naye. Kwa anthu okhala m'mphepete mwa mpanda wa nkhalango nkhaniyi ndi ya pawiri, chifukwa chiwewe cha galu wapamudzi chimaphanso nyama zakutchire.

Banja la ku Liwonde lofuna kuthandiza chiweto chosowa kwawo silifunika kukwera minibasi ya ku Blantyre kukadzaza fomu. Chiwetocho chili kale pakhonde, chikudya. Chatsala n'chakuti wina pakhomopo avomere kuti ndi chake, afunse alangizi a ziweto za katemera wa chaka chino ndi za kufula kapena kutseka, achotse nkhupakupa m'makutumo, ndipo aike madzi akumwa pamthunzi. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse ndi 28 Sepitembala, koma katemera sadikira tsikulo. Ndipo mwana akalumidwa, kaya ndi galu wanu kaya ndi wongobwera, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.