Bwana Abwerako ku Mponela

Mukaona bwana akulowa mu ofesi Lolemba m'mawa akumwetulira, mpaka kupereka moni kwa mlonda wa pageti, dziwani kuti sabata yathayi anali ku Mponela. Kumeneko, pa msewu wa M1 m'boma la Dowa, ndi kumene mabwana a mu Lilongwe amakaphunzira utsogoleri. Mukafuna kudziwa chifukwa chake utsogoleri sumveka bwino ukaphunziridwa ku City Centre, kafunseni a ku akaunti amene amawerengera alawansi yogonera. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, boma linayamba laimitsa maulendo akunja, mabwana ena n'kuyamba kuwonda. Mwayi wake ku Mponela safunsa pasipoti.

Abwerako ndi setifiketi, kachikwama ka nsalu ndi mawu atsopano. Aitanitsa msonkhano wa 9 koloko, eni ake n'kutulukira cha m'ma 11.

"Anzanga, kuyambira lero ine sindinenso bwana. Ndine mnzanu, tonse ndife amodzi."

"Zikomo bwana," onse ayankhira pamodzi.

Phunziro loyamba limene abwera nalo ndi la kumvetsera. Aliyense alankhule zakukhosi, asaope. Akuluakulu amene aona mabwana anayi akubwera ndi kupita angoti zyoli, maso pa nsapato. Koma pamakhala kalaliki wachinyamata, wongochoka kumene ku koleji, amene amakhulupirira zimene wamva. Aimirira n'kunena kuti makina osindikizira alibe inki chiyambire mvula, ndipo makalata akukasindikizidwa kumsika ndi ndalama za m'thumba mwake. Bwana agwedeza mutu mwachifundo, n'kulemba m'kabuku. Chimene alembacho si inki ayi. Mndandanda wa opita ku maphunziro ku Salima ukadzatuluka, mnyamatayo adzaufufuza kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako kuseri kwa pepala.

Phunziro lachiwiri ndi la kugawira anzako mphamvu. Apa bwana saumira: ntchito yonse aigawa, osatsalako ndi kamodzi komwe. Chotsala ndi chidindo chokha. Chidindocho chili m'dirowa, dirowayo ndi yokhoma, kiyi wake ali pamodzi ndi makiyi a galimoto, galimotoyo ili kumene kuli bwana. Analonjeza kuti mu ofesi mwawo aliyense azilowa osagogoda, ndipo sananame. Mukalowa mupeza jekete pampando, likugwira ntchito mokhulupirika kuyambira m'mawa mpaka 4 koloko.

Makolo anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sanaone mutu uwu. Lipoti likayamikiridwa kulikulu, "ndinachezera nalo usiku wonse." Likabwezedwa, "anyamata angawa, ndatopa nawo."

Ndiye Lachinayi kugwa zovuta: amayi awo a mesenjala atisiya, mwambo uli ku Area 25. Ofesi yonse ikhamukira kusiwa. Kuseri kwa nyumba, kumene kuli utsi, akulamula ndi amayi aja amasesa ndi kuphika tiyi ku ofesi, amene bwana amawaitana kuti "inu apo" chifukwa dzina lawo sanalifunsepo. Chitenje chili m'chiuno, mpango kumutu, ndipo amayi makumi angapo akuyenda ndi mawu awo. Akudziwa amene ali ndi mkono wovundula mphika waukulu, akudziwanso amene msana ukuwavuta, amenewo awakhazika pamkeka kuti azisadzula masamba. Kamtsikana akapatsa ndalama ya mchere ndi tomato, osakatsatira ndi maso, osakafunsa lisiti. "Achemwali, nsima iyi ndi yanu, mukaona kuti yapsa muomole," atero, n'kuchokapo ndithu. Nyemba zitapserera pansi, mayi wina atayamba kuloza chala mnzake, iwo angoti, "Ndine ndinasonkhezera moto, tiyeni tithire mumphika wina." Mbale za adzukulu zanyamuka nthawi yake, alendo a kumudzi adya, azibambo adya. Eni ake adya komalizira, ataimirira, nkhoko za m'mbali mwa mphika.

Bwana afika mwambo uli pakati. Mkulu wina wa mpingo anyamuka pampando kuwapatsa malo. Asanakhale pansi anong'oneza wowerenga chipepeso kuti envulopu ya ku ofesi itchulidwe bwino, ndi udindo wawo womwe, ngakhale ndalama zili m'menemo anasonkha ndi antchito, mlonda ndi kalaliki wa inki uja ali momwemo.

Koma tisawanamizire, maso ali nawo. Popita kukasamba m'manja aona zonse za kuseri zija, ndipo zawakhudza. Pobwerera m'galimoto auza wachiwiri wawo kuti mayi aja ali ndi mphatso, kungoti sanaphunzitsidwe. Mawa lake alembera kulikulu kupempha ndalama za maphunziro a utsogoleri wa antchito ang'onoang'ono, masiku asanu ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja.

Ndalama zavomerezedwa. Opita ndi bwana, wachiwiri wawo, a ku akaunti ndi dalaivala. Amayi aja dzina lawo linalipo poyamba, koma pokambirana kunaoneka kuti akachoka sabata yathunthu, otsala mu ofesi asowa wowaphikira tiyi.