Mlandu wa Ndalama za Sizoni

Khalani pansi nonse, pamphasapo, mpandowo ndi wa woweruza. Iwe, foniyo usaibise m'thumba, iike pamtondopo imve nawo, chifukwa nayonso yatchulidwa pa mlanduwu. Lero sindine ambuya anu. Ndine nduna, ndine kapaso, mboninso ndine ndemwe, ndipo wosakhutira ndi chigamulo akachite apilo kwa mfumu Kakumbi ngati ali nayo ya thiransipoti.

Mlanduwu ndi wa kalendala. Makampu a kuthengo amatsegula cha mu Meyi kapena Juni. Ikangogunda mvula ya Novembala alendo amachepa, matenti amapindidwa, misewu ya m'paki imadzaza matope, ndipo ambiri a inu amakuuzani kuti kapumuleni kunyumba, tidzakuitanani. Zimenezi sizinayambe dzulo. A Norman Carr anapangana ndi mfumu Nsefu zotsegula kampu ya alendo mu 1950, ine ndisanamere mano. Paki ya South Luangwa inakhazikitsidwa mu 1972. Zaka zonsezi palibe chaka chimene dzinja linaiwala kubwera, ndipo ngakhale nkhuku ya kuno ku Malambo imadziwa. Adzukulu anga okha ndiwo amadzidzimuka chaka ndi chaka: "Ambuya, sizoni yatha mwadzidzidzi." Mwadzidzidzi! Novembala anakubisalirani pa thengo liti?

Tiyambe ndi inu, amuna anga a ku kampu. Imirirani, bwalo likuoneni. Mu Ogasiti munatsika njinga yamoto pano mutavala nsapato zoyera mbee, pa fumbi la Chinzombo lino, mukuponda mosankha malo. Kumbuyo kwanu kunali kamnyamata katasenza sipika yondifika m'chiuno. Inalira usana ndi usiku mpaka njovu zinasiya kudutsa kuseri kwa nyumba, ndipo pa chimenecho chokha bwalo likuthokoza. Ku Cropping, mwezi ukatha, dzina lanu limasintha, mumakhala abwana. Mukangokweza chala mabotolo amatera pa tebulo la anthu amene simudziwa ngakhale mfunda wawo. Madola a tipu amene munawapeza pomwetulira alendo kuyambira tambala woyamba amathera pakhosi pa anthu amene mu Febuluwale akakuonani amayang'ana kumitambo.

Tsono ifike Januwale. Nsapato zija zafiira, foni ya pankhongole yadzitseka yokha chifukwa simunalipire ya tsikulo, ndipo chikondi chanu pa ambuya anu chakula modabwitsa. Mumabwera tsiku ndi tsiku kudzandizonda, ndipo mumafika nthawi imodzimodzi, pamene chipande chikulowa mumphika. "Ndimangodutsa." Munthu wongodutsa sasamba m'manja.

Malemu ambuya anu aamuna ankanyamula tiyi pa maulendo oyenda pansi. Kutsogolo sikauti ndi mfuti, kenako wolondolera, alendo pamzere, iwo kumapeto ndi chikwama cha ketulo, makapu ndi mabisiketi, akucheukacheuka kuti njati isawadzere kumsana. Malipiro ake mukanawaona mukanaseka. Sindikuti anali mngelo. Mowa wa mapira ankaudziwa, nawonso unkawadziwa bwino. Koma ankati ndalama ya sizoni ndi zokolola: umakolola kamodzi, umadya miyezi 12, ndiye malo ake ndi m'nkhokwe. Kuno ng'ombe sizichita bwino chifukwa cha kashembe, sitingasunge chuma m'khola monga amachitira anzathu a kumtunda kwa Mpezeni. Choncho iwo akalandira ankagula mchere, sopo wamtanda, khasu, kambuzi, ndi lata limodzi kapena awiri. Malatawo ankawaunjika kuseri kwa chitseko chaka ndi chaka, ine ndikudzicheka nawo zala posesa, mpaka anakwana denga. Ndi denga lomweli limene mumathawiramo mvula lero ndi nsapato zanuzo.

Musakhale pansi, sindinathe. Mbiri yandipeza kuti khadi lanu la kubanki silikugona m'nyumba mwanu. Likugona kwa wa kaloba, pamodzi ndi NRC ndi nambala yachinsinsi. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma samu iyi ndiitha. Mwatenga K500, mwezi ukatha akufuna K750. Mwezi watha, K750 mulibe, ndiye mukumpatsa K250 ya pamwambayo, iye akumwetulira, akuti musavutike bwana, tionana mwezi wamawa. Mwezi wachiwiri, K250. Wachitatu, K250. Mwapereka K750 yathunthu, koma m'kabuku kake K500 ija ikadali chikhalire, sinasunthe n'pang'ono pomwe. Pa tsiku la malipiro iye ndiye amayamba kufika pa makina, inu mumalandira zotsala, kenako n'kumuthokoza ndi manja awiri pokukongozaninso ndalama yanu yomwe. Tauzani bwalo, amuna anga: miyezi yonse ija munkadzuka kusanache kutenthetsa madzi a alendo, munkagwirira ntchito ndani?

Kale kukongola kunali ntchito. Unkayenda mpaka kwa mnzako, odi, kukhala pansi, kufunsa za ana, za kumunda, za mwendo wa apongozi, ndipo pofika pa nkhaniyo manyazi anali atadula kale theka la zimene unadzera. Ena ankabwerera osanena n'komwe, n'kukapeza kuti vutolo silinali lalikulu. Foni ilibe maso oti uchite nawo manyazi. Umakongola uli gone m'neti pakati pa usiku, ndi chala chimodzi. Iwe wa masimu awiri, usayang'ane kumbali, ndikunena iwe. Ukongola ku simu iyi kuti ubweze ku simu iyo, n'kumadziona wochenjera. Nanga ndalamayo ikupita kuti? Ku kandege ka juga ka pafoni. Ndinakusuzumira tsiku lija pansi pa mango, maso ali tong'o, kandege kofiira kakukwera pa galasi, iwe "dikira, dikira, dikira", kenako zii. Ndege zotera ku Mfuwe zimabwera ndi ndalama m'chigwa muno, yakoyo ndi yokhayo imene imanyamuka nazo. Za Arsenal sindinena zambiri. Anyamata a ku London aja amalandira malipiro awo kaya agoletsa kaya sanagoletse. Akaluza, wogona ndi njala ndiwe.

Mkazi mnzanga, ukuseka chiyani? Sendera kuno.

Vileji banki si yoipa. Amayi ambiri kuno amangira nyumba, ena amaodera mpunga ndi nsomba zouma n'kumagulitsa pamsika. Ife chilimba tinachiyamba iwe usanabadwe: aliyense aponya yofanana, mwezi uno atenga uyu, wamawa uyo, popanda chiwongoladzanja, ndipo wotengayo ankanena pamaso pa anzake chimene akagule, kuti akabwera ndi china amuseke. Koma iwe uli m'magulu atatu. Lachiwiri ukongola uku kuti Lachinayi ukabweze uko. Loweruka ubisala kubafa, amayi a gulu lachitatu atakhala pakhonde panga ndi kabuku kawo, ine n'kumawauza kuti wapita ku Masumba. Ine, wa yunifolomu ya kutchalitchi, kunama pa msinkhu uno, mapazi ako akuonekera pansi pa udzu wa bafa! Ndipo nkhongoleyo sinagule tomato woti ugulitse. Inagula wigi, chitenge cha kitchen party, ndi keke ya mwana wa chaka chimodzi amene anagona phwando lonse. Ndalama yokongola imayenera ipite kukagwira ntchito, ibwere ndi inzake. Wigi ija yagwira ntchito yanji, kupatula kukuyabwitsa m'mutu mu Okutobala?

Mlandu wa chimanga ndi wa nonse. Mu Meyi, chisanaume bwino, a FRA asanatsegule misika, munathamangira nacho kwa a masikelo n'kuchigulitsa pa mtengo wachisoni, ati mukufuna ya changu. Mu Januwale mukugula ufa m'timapepala ta pamela, lero kamodzi, mawa kamodzi, ndipo mukaphatikiza tonse ta mweziwo mupeza kuti mwalipira kuposa thumba la makilogalamu 25. Mafuta ophikira m'kapulasitiki, shuga wa pasupuni, zonse zikulembedwa m'kabuku ka pa kantemba, mpaka mwayamba kuzungulira njira ya kudambo, komwe kuli njovu, poopa kudutsa pamaso pa mwini kantembayo. Nthawi ya FISP ikakwana, K400 yoperekera feteleza mulibe. Wa thonje nayenso amadabwa kampani ikadula za mbewu ndi mankhwala pogula, chikhalirecho anasaina yekha potenga. A COMACO akhala akugula mtedza, mpunga ndi uchi kwa alimi a m'chigwa muno kuyambira 2003, koma sagula kwa munthu amene mbewu yake anakazinga n'kudya poonera mpira.

Akuluakulu anu musawaone ngati oyera. Mu 2023 boma linalola kuti munthu atapeko 20 peresenti ya ndalama zake za NAPSA asanapume pa ntchito. Mwa amalume anu awiri, mmodzi anagula simenti ndi malata. Winayo anasowa, anthu n'kumati amuona ku Chipata, ndipo anabwera ndi jekete yachikopa, m'chigwa muno momwe ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Ndalama imeneyo inali ya nkhalamba ina yake, ndipo nkhalambayo ndi iye yemwe. Sali pano lero, koma mukamuuze kuti samani yake ikulembedwa.

Bwalo lino si lankhanza. Likudziwa kuti mu 2020 korona inaimitsa ndege, makampu n'kukhala opanda mlendo ngakhale mu Julayi, ndipo anthu olimbikira ntchito anakhala pakhomo manja ali m'khosi. Likudziwa za chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Njovu imatha munda usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake palibe amene amabwera kudzakulipira. Mwana akatentha thupi usiku, kongolani, ine sindidzatsegula pakamwa. Koma tayang'anani amene anapirira mu 2020 muja. Sanali a malipiro akuluakulu. Anali a mbuzi zingapo, kadimba ka repu m'mbali mwa mtsinje, ndi matumba m'nyumba. Dziko lino limadya anthu osakonzeka, ndiye inu mukulithandiziranji?

Wina wanong'ona kuti ngakhale boma lili ndi nkhongole. Ndamva, pa nkhani za ndalama makutu anga ndi a mwana. Inde, mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira eni nkhongole akunja, ndipo zokambirana zake zinatenga zaka. Koma boma lili ndi nduna ya zachuma yovala suti, yokwera ndege kupita ku Washington ndi ku Paris kukapempha kuti atipepuzireko. Iwe nduna yako ya zachuma ndi ndani? Ndine, ndi kampango kanga ka mfundo. Komanso wa kaloba sakhala pa msonkhano. Amabwera ndi wilibala kudzatenga matiresi.

Chigamulo nachi, imvani bwino chifukwa sindibwereza. Malipiro a sizoni ikubwerayi muwawerengere miyezi 12 asanalowe m'thumba, ndipo ya miyezi ya mvula isakhale mu foni imene ili ndi kandege. Chimanga mugule mu Juni ndi Julayi chikatsika, muthire mankhwala, chilowe m'nkhokwe ya simenti imene njovu singagumule. K400 ya feteleza ibwere kwa ine mwezi woyamba womwewo. Kwa ine kulibe chiwongoladzanja, koma kulibenso "ambuya ndipatseniko pang'ono ndibweza Lachisanu". Mkazi mnzanga, utsale m'gulu limodzi, ndipo mvula ikamatha tidzafutsa nkhwani ndi chitambe limodzi, wigi itavulidwa, kuti m'chilimwe usadzagule ndiwo pankhongole. Iwe wa masimu awiri, sankha imodzi lero. Inayo ndiisunga m'chitini cha singano.

Inu amuna anga, sipika igulitsidwe. K500 ya wa kaloba ibwezedwe yonse pakamodzi, pamaso pa mboni, dzina lifafanizidwe m'kabuku inu mukuona, khadi ndi NRC zibwere kunyumba. Ndamva kuti a kwaya akufunafuna sipika. Mawa m'mawa muisenze pamutu nokha, osati kamnyamata kaja, ndipo mudzere njira ya pamsika.