Apolisi a Pakhonde

Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe, Decency in Dress Act. Mkazi kuvala thalauzi unali mlandu, siketi yolekeza pamwamba pa mawondo unalinso mlandu. Amuna nawo sanasiyidwe: tsitsi lalitali ndi mabuluku otambasuka kumiyendo aja zinali zoletsedwa, moti mlendo wotsika ndege ndi tsitsi logwera m'mapewa ankayamba waonana ndi sizasi asanaone nyanja. Lamulolo linapita limodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, Amalawi atavotera matipate mu 1993. Koma amene analifafaniza anaiwala kuchotsa ntchito apolisi ake. Adakalipo, salandira malipiro, sapita kutchuthi, ndipo ofesi yawo ndi khonde lililonse la ku Kawale, kiyosiki iliyonse ya madzi ku Chinsapo ndi mpando wakumbuyo wa minibasi ya ku Area 25. Musayang'ane kumbali, nanunso muli m'kaundula wa ogwira ntchito.

Ntchito yake ndi yophweka. Munthu akamadutsa mumamulonjera mwaulemu: “Mwaswera bwanji asisi, ana ali bwanji?” Akangopitirira pang'ono mumatsegula khoti. Woweruza, mboni ndi loya wa boma onse ali pamkeka umodzi akusadzula nkhwani, ndipo woimbidwa mlandu saitanidwa.

Mlandu wakale kwambiri m'mabuku athu ndi wa kukhwefula. Mnyamata wa ku Biwi wagula lamba ndi ndalama zake, wamumanga bwinobwino, koma buluku lili kumunsi kwa matako, kabudula wamkati ali pambalambanda kuti mtundu wonse udziwe mtundu wake. Akuyenda motangadza, dzanja limodzi lili pa foni, linalo likulondera buluku lingagwe. Fashoniyi anaionera m'mavidiyo a oimba a ku America, anthu oyenda pagalimoto. Wathuyu ali ndi ngalande zitatu zoti alumphe asanafike pa siteji. Amalume ake analankhula mpaka kutopa, abusa analalikira, osaphula kanthu. Mphunzitsi weniweni ndi galu wa aneba, tsiku lomwe adzadule tcheni.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa thandala, mnzake wa wokhwefulayo akubwera ndi chijekete chaubweya chomwe chinasokedwera anthu a ku Canada, chisoti chophimba makutu, ndi jombo. Thukuta lili kamukamu. Mukamufunsa ngati akumva malungo akuyankhani, “Ndi swaga madala, simungazimvetse.” Mu Juni, chisanu chikafika, yemweyo mumupeza ndi kamalaya kopanda manja akuothera chiwaya cha tchipisi.

Kale mwana akayenda ndi zong'ambika, manyazi ankagwira makolo, ndipo atelala a m'makonde ankadyera zigamba. Lero jinzi yoboola m'mawondo ndi imene ikukwera mtengo kuposa yabwinobwino. Agogo ena atabwera kudzacheza kuchokera ku Mitundu anaipeza itayanikidwa pachingwe. Chisoni chinawagwira, anatenga singano n'kutseka mabowo onse limodzilimodzi, akudandaula kuti mwana wawo ali pantchito koma akulephera kuveka mwana. Madzulo mdzukulu analira mpaka aneba anabwera kudzafunsa amene watisiya.

Kwa asisi athu nkhani ili pa nsidze. Mulungu anapereka zaulere, iwo n'kumeta, n'kugula pensulo yojambulira zina pamwamba pang'ono, moti munthu amaoneka wodabwa tsiku lonse, ngakhale akugula tomato wa mtengo womwe akuudziwa kale. Zikhadabo zoikirira zatalika mpaka kulandira chenje kwa kondakitala kumafuna thandizo la woyandikana naye. Mu minibasi ya ku Area 23 nkhondo ya zenera siitha: bambo wa jekete akufuna mphepo, mayi wa wigi akudziwa chomwe mphepo ingachite. Luso lenileni mudzalione ku Mgona nthawi ya mvula. Nsapato za gogoda zili m'chikwama, mwini wake akuponda matope ndi patapata mpaka pa tala. Apo atsuka mapazi ndi madzi a m'botolo, akwera gogoda zija, n'kuyamba kuyang'ana anthu amatope modabwa kuti kodi amenewa amakhala kuti.

Maukwati nawo anabwera ndi malamulo awo. Khadi likuti aliyense avale “peach” ndi “mint green”. Amayi a ku Kawale, amene moyo wawo wonse akhala bwinobwino ndi zofiira, zobiriwira ndi zoyera, azungulira mashopu onse a ku Area 2 akuonetsa foni kwa ogulitsa nsalu. Telala walonjeza Lachitatu, wamaliza Loweruka m'mawa zipi ali m'manja. Pofika nthawi ya perekaniperekani holo yadzaza ndi mitundu khumi ya “peach”, ndipo gulu lililonse likukhulupirira kuti olakwitsa ndi enawo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa upolisi wa pakhonde uli ndi malire ake. Mu Januwale 2012 mavenda ena mu Lilongwe anayamba kuvula pamsewu amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ati poteteza chikhalidwe. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewu, Joyce Banda, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, ali nawo limodzi, ndipo pulezidenti Bingu wa Mutharika anachita kunena poyera kuti mkazi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Mathalauzi omwe ankawakwiyirawo ogulitsa ake analinso mavenda. Kuseka nsidze za mnzako chamumtima ndi matenda a tonsefe, koma kumugwira chovala ndi uchigawenga, ndipo chikhalidwe chovula mayi pagulu palibe agogo amene anatiphunzitsapo.

Chomwe chimatigwirizanitsa, oweruza ndi oweruzidwa, ndi belo. Pitani pa msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, belo likamatsegulidwa. Mupeza mayi wa ku Capital Hill, nkhope atabisa m'magalasi akuda, akukokerana bulauzi ndi mtsikana wa pasaluni. Lolemba bulauziyo yachapidwa, yasitidwa, ndipo mbiri yake yasintha: “Ananditumizira asisi anga a ku UK.” Sakunama kwenikweni. Inachokeradi ku UK, kungoti asisiwo sakumudziwa. Wakabaza wa ku Chinsapo anaphunzira ku Harvard, malinga ndi zolembedwa kumsana kwake. Mkulu wa mpingo akupita ku mapemphero a pakati pa sabata atavala tisheti ya mawu oti wina atawamasulira, Lamulungu lomwelo akhoza kuimitsidwa kudya mgonero.

Chovala chokhacho chomwe timalandira chatsopano ndi chitenje cha chipani. Mayi wochenjera ali nazo zonse, cha tambala, cha chimanga, chachikasu ndi chofiira, ndipo amasankha malinga ndi galimoto yomwe yaima pabwalo la sukulu. Chisankho chikatha, china chimasanduka katani, china mbereko, ndipo nkhope ya wolemekezeka, yomwe inajambulidwa kuti izioneka patsogolo, imakathera pomwe mayi amakhalira.

Pakamwa pathu napo ndi pa Tsoka. Chizungu chomwe timathyola m'makwalalamu ndi cha kaunjika: eni ake anachivala kale kwawo, ife tangotola chomwe dzanja lafikira, chikwane chisakwane.

“Actually ineyo ndimafuna ndipange confirm ngati mwapanga decide zopanga attend meeting ija.”

“Aaa man, ndinapanga forget. But still ndipanga try.”

Awiriwa anabadwira ku Kawale, makolo awo ndi a ku Dowa, ndipo mzungu wapafupi ali ku Area 10. Mneni mmodzi, kupanga, wasenza ntchito ya aneni onse a m'Chichewa, popanda ndi alawansi yomwe. Kutsimikiza, kuganiza, kuiwala ndi kuyesa angokhala pakhomo, ulova.

Tisanamizire ana okha. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, mu 1972 kunabadwa Chichewa Board yolondera mawu, ndipo pa MBC pankamveka pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa. Koma mwini wake wa zonsezi, Kamuzu, ankaima pamsonkhano atavala suti ndi chipewa cha ku London, litchowa lili m'manja, n'kumalankhula Chingerezi kwa anthu akwawo, John Msonthi akumasulira, iye n'kumamukonza akaphonya. Phunziro tinalimva bwino: munthu wamkulu Chichewa amachidziwa, koma salankhula yekha, amachilembera waganyu.

Ndiye musadabwe Lamulungu ku Area 25, m'kalasi yomwe yasanduka tchalitchi, papa a suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka akamalalikira m'Chingerezi kwa anthu omwe dzulo amagula nawo bonya pa Nsungwi. Womasulira akuthamanga pambuyo pawo, tayi ali kumbali. Papa akakuwa mawu awiri, iye atulutsa khumi. Papa akasowa liwu la Chingerezi amanong'oneza womasulira m'Chichewa, womasulira awauza, iwo akuwa, iye n'kulibwezeranso m'Chichewa momwe linachokera. Ulaliki wa mphindi 40 umatha maola awiri, nyemba zikupserera kunyumba.

Pakhomo pena mumalandiridwa ndi chenjezo: “Mumulankhule m'Chizungu, mwanayu samva Chichewa.” Amayi ake akunena monyadira, fizi ya ku pulaiveti ikuoneka ntchito yake. Tulukani panja pakapita kanthawi mumve mwana yemweyo akulimbirana mpira wachikulunga kuseri kwa bafa. Chichewa chake ndi cha miyambi, chokometsera ndi mawu ena omwe ngakhale agogo ake sangawatchule masana.

Wochokera ku Joni ndi mutu wina. Agogo athu a Wenela ndi TEBA ankatha zaka m'migodi n'kubwera ndi wailesi, njinga ndi jasi, koma moni ankaukumbukira. Uyu wakhalako miyezi itatu akutsuka magalimoto, pobwera akuloza chigumu n'kufunsa, “Eish, kodi ichi mumachitcha chani neh?” Chigumu chomwe chinamulera! Mlekeni. Marandi akatha Chichewa chimabwerera chonse tsiku limodzi, kuyambira ndi chiganizo chakuti, “Alamu, tandibwerekeniko ya thiransipoti.”

Ali pafupi naye ndi bambo wa jezi ya Arsenal. “Tagula osewera awiri, chaka chino ligi ndi yathu,” akutero munthu yemwe ali ndi ngongole ya makala kwa aneba. Ku London sakudziwa kuti ali ndi mnzawo wa bizinesi ku Chinsapo. Silver Strikers, yomwe ili pa Area 47 pompa, amaitchula kuti “anyamata aja”.

Maulemu nawo anagwa mphamvu kuposa kwacha ya mu Novembala 2023. Aliyense ndi bwana, bigi, madala kapena bosi. Woitanira minibasi akakuti “bigi”, dziwani kuti malo otsala ndi a pa injini. Venda akakuti “bwana wanga”, mtengo wakwera kale. Mtsikana wa zaka 25 akaitanidwa kuti “anti” ndi bambo wa imvi kundevu, tsiku lake lawonongeka: “Ndinakwatiwa ndi amalume anu ine?”

Koma mawu omwe adanitsa abale ambiri mu Lilongwe ndi awiri okha: “Ndili panjira.” Wonenayo ali m'bafa, mukumva ndi madzi omwe. Akati “ndafika pa Biwi Triangle” ndiye kuti akusaka sokosi inzake. Akati “ndakuonani kale” ndiye kuti minibasi yake ikudikira anthu asanu kuti idzaze. Mawuwa ali ndi achibale awo: “ndikuimbirani”, “mubwere mawa”, ndi mkulu wawo, “ndikuponyerani pa Mpamba pompano, kungoti netiweki ikuvuta”.

Pa WhatsApp mavawelo anathawa kalekale. Uthenga ufika tambala asanalire: “Mwdzk bwnj.” Mukayankha, zii mpaka masana, kenako “Bho?” Nkhani yeniyeni, ya ngongole, idzafika Lachitatu. Wina akalengeza maliro a amalume ake, gulu lonse lilemba “MHSRIP”, chipepeso chonse m'zilembo 6, ndipo sipalephera mmodzi wosawerenga yemwe aponyapo “kkkk”.

Kumaliro kwenikweniko ndi kumene akuluakulu amabwezera. Woimira banja akaimirira n'kunena kuti “ine sindichulutsa gaga m'diwa”, amayi amayala bwino zitenje, abambo amasunthira njerwa zawo pamthunzi, adzukulu kumanda amakhala pansi. Ayamba ndi kulonjera mafumu mmodzimmodzi, abusa, a chipani, a komiti ya chitukuko, kenako “ndi onse amene sindinawatchule”, kenako n'kuwatchula. Akati “pomaliza” ndiye kuti wafika pakati. Yemweyu ndi amene dzulo amadandaula pa bawo kuti ana a masiku ano sadziwa kulankhula.

Popeza kuletsa sikunaphule kanthu, ine ndikupempha khonsolo ya mzinda kuti iyese msonkho. “Actually” aliyense K200. “Kupanga” wotsatana ndi Chingerezi K100, chifukwa ndi wa tsiku ndi tsiku, tisapweteke anthu. Buluku likatsika ndi chala chimodzi K500, kabudula wamkati akakhala wosachapa tiwirikize. Wa gaga m'diwa azilipira pa mphindi, womasulira ndi papa azigawana bilu. “Ndili panjira” wonenedwa munthu ali m'bafa K5,000, chipepala chathunthu. Nafenso oweruza tizilipira pa mlandu uliwonse womwe tazenga mwini wake kulibe, ndipo ndalama za pamenepo zokha zikhoza kuika tala misewu yonse ya ku Mgona ndi Chinsapo, chenje n'kutsala cha ngalande. Vuto lidzakhala wotolera. Tidzamuimbira kuti ndalama zakwana, abwere adzatenge, ndipo nonse mukudziwa chomwe adzayankhe.