Chinanazi Chimene Chinamva za Dola

Loweruka lapitali, mvula itangokata ndipo phiri litayamba kuonekera m'mitambo, ndinatsikira ku msika wa pa Boma kukagula chinanazi chimodzi chokha, popeza kunyumba kunali mlendo wochokera ku Lilongwe, ndipo munthu wa ku Mulanje amene alola mlendo kubwerera kwawo osalawa chinanazi sayenera kutchedwa mwini khomo. Mayi amene ndakhala ndikuwagula kuyambira ana awo ali kumsana anandilonjera mwaulemu monga mwa masiku onse, nafunsa za kunyumba ndi za mawondo anga. Koma nditaloza chinanazi chapakatikati, anatchula mtengo umene unandichititsa kucheuka kuti ndione ngati kumbuyo kwanga kwaima mzungu wokwera phiri. Panalibe mzungu. "Mayi," ndinatero, "kodi chinanazi chimenechi chabwera pa ndege?" Iwo, osaphethira n'komwe, anati, "Bambo, dola yakwera."

Munda umene chinanazicho chinamera ndimaudziwa, uli kuseri kwa Chitakale. Chinamwa mvula imene Mulungu amatigwetsera ulere, chinabwera ku msika m'dengu la pamutu, sichinadutse pa chipata cha Muloza ngakhale cha Mwanza, ndipo palibe wa kasitomu amene anachidinda chidindo. Koma taonani, m'kati mwa masamba ake aminga chinatchera khutu, nichimva kuti dola yakwera, nichikwera nayo. Ndipo sichili chokha. Nkhuku ya kwa aneba, imene moyo wake wonse yakhala ikupalasa kudzala, tsopano iikira mazira motsata mitengo ya ku New York. Kalongonda, amene agogo athu ankaphika tsiku lathunthu osadziwa kuti kunja kuno kuli America, wamva za dola. Wometa tsitsi, amene lumo lake ndi lomwe lija anagula nthawi ya Bakili Muluzi, wamva za dola. Wotola nkhuni m'mphepete mwa Likhubula wamva. Ndipo ndamva kuti asing'anga ena, amene mizu yawo amakumba kuseri kwa chimbudzi, ayamba kuuza odwala kuti mizimu nayonso ikudandaula za ndalama zakunja. M'boma lonse lino okhawo amene sanakweze mitengo ndi mizimu ya ku Sapitwa, imene akuluakulu amati imasiyira apaulendo chakudya panjira kwaulere, bola osaitana anzako. Ngakhale sindidzadabwa kumva kuti nayonso yayamba kusiya mbale yopanda ndiwo.

Mayi a chinanazi ndilibe nawo mlandu waukulu, pakuti sopo, mafuta ophikira ndi feteleza zimene iwo agula zimachokeradi kutali, ndipo wa kabaza amene amawanyamula amathira petulo wogulidwa ndi dola yeniyeni. Mlandu wanga uli pa ena, ndipo ndiwafika posachedwa.

Bambo anga ankakumbukira bwino chaka cha 1971, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, makwacha awiri nakwana paundi imodzi, ndipo munthu ankayenda ndi tambala m'thumba mopanda manyazi. Ife ana awo tinaona zina. Mu May 2012, Joyce Banda atangotenga mpando, dola imene inali pa K168 inadzuka m'mawa ili pafupi ndi K250. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola inafika cha m'ma K1,700. Masiku ano dziko lino lili ndi madola awiri. Yoyamba ndi dola ya pakhoma, imene imalembedwa ndi manambala owala m'mabanki pa mtengo wa pafupifupi K1,750, yotsika mtengo, yaulemu, yovomerezeka ndi Reserve Bank, ndipo chilema chake n'chimodzi chokha, chakuti palibe munthu wamba anaionapo. Ukaifunsa, mtsikana wa pawindo amakumwetulira mwachifundo monga amwetulira munthu wofunsa za m'bale amene anamwalira kalekale, nakupatsa fomu, nakuuza kuti ubwerenso sabata yamawa. Yachiwiri ndi dola ya pansi pa mtengo, ya pa bulaki, imene mu 2025 inadutsa K4,000. Iyo ilibe ulemu, ilibe fomu, apolisi amaithamangitsa, koma imapezeka. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, anatero akale. Koma mkuyu wa pakhomawu ukautsegula mulibe ngakhale nyerere.

Amene afuna kuona ansembe a dola yachiwiriyi apite ku Muloza, kumene anyamata a tizikwama ta m'chiuno amaima m'mbali mwa msewu wopita ku Milange, metikashi m'dzanja lamanja, randi m'dzanja lamanzere, kwacha m'mitolo yomangidwa ndi mphira. Ambiri a iwo sukulu anaisiyira ku pulayimale, koma amachulukitsa manambala m'mutu mwaliwiro loti mphunzitsi wa masamu angalire, ndipo chodabwitsa n'chakuti akalakwitsa, kulakwitsako sikugwera konse kumbali yako.

Tsono pa 16 September 2025 tinaponya voti, ndipo anthu a kuno, monga aliyense adziwa, anakhuthulira mavoti awo pa Peter Mutharika, mwana wa kufupi konkuno ku Thyolo. Pa 4 October analumbira pa Kamuzu Stadium, ndipo ngakhale mkuluyo anachenjeza poyera kuti salonjeza mkaka ndi uchi koma ntchito yolimba, Lolemba lake m'mawa panali anthu ena pa golosale amene anabwera osati kudzagula, koma kudzaona ngati shuga watsika usiku. Mu 2020 ena anatiuza za Kenani, tinakhulupirira. Tsopano atiuza kuti uchi kulibe, ndipo sitikhulupirira. Pa bawo la kuseri kwa depoti panabadwa akatswiri a zachuma ochuluka kuposa a ku yunivesite ya ku Zomba. Gulu lina liti kwacha igwetsedwenso kuti madola awiriwo akhale amodzi, monga afunira a IMF. Gulu lina liti ayi, malemu Bingu, mkulu wake wa pulezidentiyu, anakana kugwetsa kwacha ndipo anali mwamuna. Wina n'kukumbutsa kuti m'masiku a kukanako, mu 2011, tinkagona pa mizere ya mafuta ndi zigubu. Pamenepo mkangano umakula, njombwa zimamwazika, ndipo mwa onsewo palibe ndi mmodzi yemwe angakuuzeni ngati dola ili yobiriwira kapena yofiira.

Mkulu wa akatswiri amenewa ndi alamu anga, ndipo ndi iwo ndinali kuwafuna. Alamu amachita geni yoolotsa katundu kuchokera ku Milange, nagulitsa pa Limbuli ndi pano pa Boma. M'mawa uliwonse, asanasambe kumaso, asanapemphere n'komwe, amayatsa foni kuti amve kuti anyamata a ku Muloza aigoneka pati dola, ndipo ikakwera ndi makumi asanu okha, chitenje chimene chakhala pa shelefu kuyambira Khirisimasi yapita chimakwera tsiku lomwelo. Ikatsika, foni yawo imakhala ilibe moto. Mu April 2022, kwacha isanagwe, alamu anabwera kwanga usiku, chipewa m'manja, nabwereka K60,000 ya mpamba, ndalama imene nthawi imeneyo inali ndi mano. Aibweza mwezi wathawu, K60,000 yomweyo, mapepala khumi ndi awiri a K5,000, atawaika m'envelopu ngati apereka mphatso. Nditawakumbutsa mofatsa kuti pakati apa kwacha yagwa kawiri, anadabwa kwambiri, nati, "Alamu, kodi pachibale timawerengera zimenezo? Ndalama ndi ndalama. Mufuna anthu azinena kuti mumachita katapila?" Tsiku lomwelo mkazi wanga, mlongo wawo wa bere limodzi, anagula kwa iwo botolo la mafuta ophikira pa mtengo wa pansi pa mtengo, osachotserako ngakhale tambala.

Munthu ameneyu pogulitsa amatsata Muloza, pobweza ngongole amatsata khoma la banki, ndipo m'mbale ya chopereka Lamulungu amatsata mtengo wa 1971. Pamaliro, pamene bokosi, chimanga ndi ndiwo zonse zamva za dola, chipepeso chake chikadali K500 imene ankapereka zaka khumi zapitazo, ndipo amaumirira kuti mlembi aiwerenge mokweza pamodzi ndi dzina lake lonse. Mnyamata amene amamukankhira katundu pa njinga kuchokera ku chipata akapempha kuti amuonjezere, alamu amamulalikira za kudekha, nanena kuti boma latsopano liyenera kupatsidwa nthawi.

Apa ndipo kuseka kumandithera. Tiyi wakhala akulimidwa pansi pa phiri ili kuyambira zaka za m'ma 1890, ndipo ku okushoni ya ku Limbe amagulitsidwa m'madola. Ndiye kuti ena mwa anthu a m'boma lino amene manja awo amabweretsadi dola m'dziko muno ndi amayi ndi abambo aja amene timawaona m'bandakucha, madengu kumsana, atadzikulunga mapulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame, akuthyola masamba awiri ndi kansonga. Koma malipiro awo ndi ogontha. Chinanazi chamva, nkhuku yamva, lumo lamva, iwo okha uthengawo umawapeza mochedwa, utatopa panjira. Ndipo akalandira pakutha pa sabata ziwiri amapita kwa alamu anga kukagula mchere, n'kuuzidwa ndi munthu amene sanathyolepo tsamba limodzi kuti ndalama zakunja zikusowa.

Dzulo alamu anatulukira kudzabwereka wilibala. Ndinawakhazika pa mpando, ndi kuwauza ndi ulemu wonse kuti poona mmene chuma chikuyendera, wilibala yanga tsopano ibwerekedwa pa dola imodzi patsiku. Ndinayembekeza kuti akwiya, koma nkhope yawo inawala. Anandigwira chanza ndi manja awiri, nanditamanda kuti tsopano ndayamba kumvetsa zinthu, navomera mtengowo osanenerera. "Koma alamu," anatero akukankha wilibalayo kutuluka pachipata, "ine ndine munthu womvera malamulo, za pa bulaki sindichita nawo. Dola yanuyo ndakuvomerezani, ilipo ndithu. Mulembe kalata yopempha, mubwere nayo sabata yamawa."