Maso a nkhono pa WhatsApp

Lichinga ndi mzinda wa pamtunda ku Mozambique, mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa. M'mamawa nkhungu ikakuta mitengo ya paini, munthu wosenza thumba la mbatatesi amaoneka ngati alibe mutu. Pamalo otere mzukwa sungasowe ganyu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankanena zimene anaona: maso a nkhono ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri tataliko, ndipo ukangoigunda imatibweza m'kati. Wofuna kuwaona akhale pansi, atseke pakamwa, adikire. Koma mwambiwu unapekedwa kusanabwere foni ya kamera, ndipo lero kudekha kwa munthu kumatha msanga kuposa bandulo ya Movitel.

Pa baraka iliyonse yomwerapo mowa pafupi ndi msika pamapezeka akatswiri awiri. Woyamba ali ndi uthenga wa mawu wa mphindi zinayi, wochokera kwa mayi wina wopuma mwabefu, wonena kuti ma chupa-sangue afika. Ukamufunsa amene anawaona, akuti ndi mlamu wa neba wa kondakitala wa chapa (minibasi) ya ku Metangula. Wachiwiri anafika kusekondale ndipo yankho lake ndi limodzi pa chilichonse: "Umbuli umenewo, achimwene." Amatero asanamve n'komwe uthengawo. Usiku womwewo ndi iyeyo amene amatsamiritsa mtondo kuchitseko.

Chupa-sangue ndi dzina la Chipwitikizi la amene ku Malawi amatchedwa anamapopa. Mu Seputembala 2017 mphekesera yawo inagwedeza Mulanje ndi Phalombe, ndipo Amalawi ankati yalowa kuchokera ku Mozambique, ngati kuti opopa magazi nawonso amadinditsa pasipoti pa chipata cha Muloza. Apa nthabwala imaima kaye. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwo, ndipo ku Gurúè m'chigawo cha Zambézia kunabuka zipolowe. Mwa onse amene anagwidwa, palibe amene anapezeka ndi chigubu cha magazi. Ambiri mlandu wawo unali kukhala alendo, kapena kunyamula chikwama pa ola lolakwika.

Akuluakulu a boma nawo nkhanizi siziwaphonya. Mu Malichi 2005 dziko lonse lapansi linawerenga kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wasamuka m'nyumba ya boma ya zipinda 300 ku Lilongwe, imene anamangitsa Kamuzu Banda, chifukwa cha mizukwa. Bingu anakana mwaukali. Apolisi anapita kukagwira, osati mizukwa, koma atolankhani awiri, Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda. Mwina anaona kuti mtolankhani ndiye amakwana unyolo.

Chilombo cha ku Dowa chinali ndi mano enieni. Mu 2003 chinapha anthu atatu n'kuvulaza ena 16, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anathawa m'midzi yawo. Akatswiri a zanyama anati ndi fisi wachiwewe. Eni mudzi anati ayi, ndi mzimu wa chilombo china chimene chinawomberedwa chaka cham'mbuyo, wabwera kudzalipsira. Apa mwambi uja umavuta pang'ono kuutsatira, chifukwa nkhono siluma, pomwe wodekha kuti aonetsetse maso a fisi wachiwewe sadzapeza mpata wofotokoza zimene waona.

Okonda za zombo za kuthambo ali ndi nkhani imene amaikonda kuposa zonse, ndipo ndi ya kuno kwathu kummwera kwa Africa. Pa 16 Seputembala 1994 ana 62 a pa sukulu ya Ariel ku Ruwa, kufupi ndi Harare, anati aona chombo chikutera kuseri kwa bwalo lamasewera, n'kutulukamo tianthu ta maso aakulu. Dokotala wa maganizo wa ku Harvard, John Mack, anakwera ndege kudzawafunsa. Anthu odekha anafufuza n'kupeza kuti masiku awiri izi zisanachitike, moto unaoneka ukudutsa kumwamba usiku m'mayiko angapo a m'derali, ndipo chinali chidutswa cha roketi ya ku Russia chikupsa pobwerera. Wailesi inali italengeza kale za zinthu zachilendo kumwamba, ana n'kumamva. Zimenezi sizithetsa mkangano wonse, pakuti ena mwa anawo, lero ndi akuluakulu a ndevu zawo, sanasinthe mawu. Koma wofufuza za roketi uja sayitanidwa pa kanema kawirikawiri. Nkhani yake ilibe maso aakulu.

Chodabwitsa n'chakuti makamera akuchuluka koma zithunzi sizikuwala. Mnyamata wa ku Lichinga amajambula mbale ya usipa mpaka kuoneka mchere uliwonse. Tsiku limene wakumana ndi mzukwa, foni yomweyo imatulutsa utsi wotuwa, phokoso la mapazi othamanga, ndi mawu akuti "Mayo ine!"

Makolo amene anapeka mwambiwu analinso ndi zilombo zawo, tisawanamizire. Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndiye ankati anagumula Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991. Koma iwowo anadekha mokwanira mpaka anadziwa kuti Napolo amayenda mvula ikagwa masiku angapo osaleka, amadzera m'makwawa, ndipo wanzeru samanga nyumba m'njira yake. Katswiri wa za nthaka angasinthe dzina lokha, malangizo n'kuwasiya momwemo.

Pa baraka paja mkangano umatha magetsi akazima. Wokhulupirira amayatsa tochi ya foni n'kuona kuti uthenga uja autumizanso m'magulu ena atatu, ndipo tsopano akuti opopa magaziwo ali pa njinga yamoto yofiira. Wokayika amaseka mokweza, amalipira mowa wake wa 2M, n'kuima pakhomo kuyang'ana nkhungu.

"Achimwene, mukulowera cha kuti? Tiyeni tiyendere limodzi, njirayi ili ndi maenje."