Chitamando cha Mfumu Firizesi, Mwini Chilimwe

Alipo anthu anzeru m'dziko muno amene anatha inki yambiri potamanda chambo cha m'nyanja ya Malawi, mkungudza wa pa phiri la Mulanje ndi mpunga wonunkhira wa ku Karonga, ndipo sindiwatsutsa, pakuti zonsezo n'zoyenera ulemu. Koma ndikaona kuti kufikira lero lino palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimirira pabwalo, navula chisoti chake, kuti anenepo mawu awiri okha othokoza firizesi, kachubu kaja kapulasitiki kodzaza madzi oundana ofiira kapena achikasu, kamene kamasunga miyoyo yathu m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mtima wanga umawawa, ndipo ndimati kuyamika kunatha pakati pa ana a anthu. Tsono ine, wobadwira kwa Ngokwe ndi kuchekera mano konko, ndadzipereka kubweza ngongole imeneyi m'malo mwa mtundu wonse.

Munthu amene sanagonepo kuno m'chilimwe sangadziwe chimene ndikunena. Dzuwa likatuluka tsidya la Chiuta, nyanja yosaya ija timagawana ndi abale athu a ku Mozambique, silichita kukwera pang'onopang'ono monga lichitira kwa anthu ena, koma limafika lili lokwiya kale. Madzi amathawa m'mbali mwa nyanja nasiya matope ong'aluka, nyenje zimalira mpaka makutu kugontha, nkhuku zimayenda mapiko ali pansi kukamwa kuli yasa, ndipo madzi a mumtsuko, amene anganga ankawatamanda kuti saopa dzuwa, pofika masana amakhala ofunda. Anzathu a ku Balaka amati kwawo ndiko kunagwa dzuwa lenileni ndipo lathuli n'lobwereka. Sindilimbana nawo, chifukwa kukangana pa nyengo yotere kumangowonjezera thukuta.

Makolo athu akale sankadziwa madzi oundana koma matalala okha, amene ankagwa mwa kamodzikamodzi ndi mvula yoyamba, ana n'kumawatola m'manja akuthamanga, akuluakulu akulira fodya wawo wa kudimba. Pa ubwana wathu firiji imene tinkaidziwa inali ya kuchipatala, yoyendera palafini, ndipo inkasunga katemera. Zinthu zozizira m'dera lonse zinali zimene zinkatibaya pamkono. Zoona, amalume obwera ku Joni ankatisimbira za chakudya china chotchedwa ayisikilimu, chofewa, chamkaka, chodyera m'kachikho kamene nakonso umakadya, chimene mwini wake ankayenda nacho pa njinga ya mawilo atatu akuliza belu. Ndipo ife tinkamvetsera kukamwa kuli pululu, ngakhale kuti m'mitima tinkaika nkhani imeneyi pamodzi ndi zija za sitima zoyenda pansi pa nthaka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ayisikilimu anakhala wa ku Joni ndi wa m'misewu ya ku Blantyre. Kwa ife, osauka a m'mphepete mwa Chiuta, kunatumidwa firizesi.

Ndipo taonani mmene ankabwerera! Mnyamata ankalawira mbandakucha kupita ku Ntaja kapena ku Nselema kumene kunali magetsi, nalongedza katundu wake m'bokosi, nafunditsa ziguduli ndi masaka, ena n'kuthiramo mankhusu a mpunga, napalasa njinga m'mchenga akupikisana ndi dzuwa kuti afike pa sukulu belu la buleki lisanalire. M'mabuku a azungu muli dzina la Frederic Tudor, wamalonda wa ku Boston, amene mu 1833 anatumiza madzi oundana okwana matani 180 pa sitima ya pamadzi mpaka ku Calcutta m'dziko la India, atawakwirira mu utuchi, ndipo patatha miyezi inayi matani pafupifupi 100 anafika ali olimba. Munthu ameneyu anamutcha mfumu ya madzi oundana, ndipo analemera. Mnyamata wa kwathu ankachita ntchito yomweyo ndi miyendo yake iwiri, wopanda sitima, wopanda nkhokwe, tayala lakumbuyo lili lomanga ndi mphira, ndipo palibe anamulembapo m'buku, ngakhale la msonkho.

Koma ulemerero weniweni wa mfumu imeneyi uli pa kadyedwe kake, ndipo apa ndipempha owerenga adekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Firizesi alibe chotsegulira, alibe supuni, safuna mbale. Umamugwira ndi manja awiri, poyamba n'kumuika patsaya kapena pakhosi kuti thupi lonse lilandireko dalitso. Kenaka umaluma pakona ndi mano akutsogolo, n'kukoka, n'kulavula kachidutswa kapulasitiki kumbali, ndipo wosadziwa mwambo amang'amba kwambiri, madzi n'kutsikira m'chigongono mpaka pa yunifolomu. Ukatero umayamwa. Mphindi yoyambayo, abale anga, ndi imene mwini chuma uja wa m'fanizo la Lazaro ankaipempha ali m'malawi a moto, ndipo sanaipatsidwe. Kutsekemera konse, mtundu wonse, fungo lonse zimathamangira kukamwa nthawi imodzi, mano amachita dzanzi, mutu umabaya pakati pa maso, ndipo mwana amaima chilili osamva ngakhale dzina lake.

Tsono chodabwitsa chimatsata pamenepa. Ukayamwa kachiwiri ndi kachitatu, n'kuchotsa pakamwa kuti uone chuma chako, umapeza kuti kufiira kuja kwachoka kumutu, kwatsikira kumchira, ndipo posakhalitsa kwatheratu. M'dzanja mwako mwatsala chibuma choyera mbee, chozizira, chosakoma kanthu, madzi enieni a pa mjigo amene ukanamwa ulere. Pakuti madzi akamaundana amakankhira shuga ndi mtundu m'timipata ta pakati pake, ndipo zimenezo ndizo zimayamba kusungunuka ndi kutuluka. Chotsalacho ndi madzi okhaokha. Firizesi sabisa zimenezi. Chubu chake n'choonekera mbali zonse, ndipo amakuonetsa poyera, iwe ukupenya, kuti ndalama yako yagula mphindi imodzi ya paradaiso ndi mphindi khumi za madzi. Ndani mwa amalonda a m'dziko lino amene anganyenge munthu moona mtima chotere? Ndipo palibe mwana anatayapo chibuma choyeracho. Amachikukuta mpaka kutha, kenaka amafinya chubu kuyambira kumfundo, n'kuchiuzira mpweya, n'kuchiyamwanso, kuti mwina dontho lina lofiira linabisala pakona. Potsiriza amachiponda chiphulike kuti mnzake adzidzimuke. Sungamusungire mawa, sungamubisire mng'ono wako m'thumba, pakuti ali ndi lamulo la mana a m'chipululu, amene dzuwa likatentha ankasungunuka.

Pa mitundu yake yonse, ine ndimagwadira wachikasu, amene wogulitsa amamutcha wa lalanje ndi nkhope yosaseka. Firizesi ameneyu sanakumanepo ndi lalanje chibadwire, ndipo sakanatha kukumana nalo, chifukwa Namalenga, mwa nzeru zake zimene ife sitingazilondole, anaika malalanje ndi manachesi kuti azipsa m'miyezi yozizira, pamene anthu a ku Mwanza amawaunjika m'mbali mwa msewu ife tikuotha moto, ndipo dzuwa la Okutobala likafika mitengo imakhala itapuma kale. Chipatso ndi ludzu zinapatsidwa nyengo zosiyana, ndipo ndi firizesi yekha amene anadzipereka kuyanjanitsa ziwirizi, pogwiritsa ntchito kapu imodzi ya sobo kapena kapaketi ka ufa wachikasu mu ndowa yathunthu ya madzi. Amayi ena oopa Mulungu amapanga wa malambe kapena wa bwemba, woti ukamwa umamva kuti mtengo unalipo. Koma ana, amene ndiwo oweruza pa mlandu uwu, amayamba afunsa wa mtundu wowala.

Mfumu imeneyi ilinso ndi mphatso ya uneneri, pakuti imaulula zobisika. Pali mkulu wina m'mudzi mwathu, Che Uje, wa ndevu zaimvi ndi mkanjo woyera, amene amadzudzula mafirizesi pa bwalo lililonse, kunena kuti ndi zakudya za ana osaleledwa, zoononga mano ndi kuzimitsa nzeru. Koma dzuwa likafika paliwombo amaitana mdzukulu, namunong'oneza, "Iwe mwanawe, thamanga kwa amayi aja, ukatenge wofiira, akakufunsa ukati ndi wa anganga ako aakazi," ndipo iye amazimiririka kuseri kwa nkhokwe ngati wopita kukaona chiswe. Madzulo ake akakhala pa mlandu wa malire a munda, natsegula pakamwa kuti apereke chigamulo, lilime lili psuu, milomo ili psuu, ndipo bwalo lonse limayang'ana pansi mwaulemu, mapewa akugwedezeka. Anganga aakazi, amene dzina lawo lagula mafirizesi chilimwe chonse, sanalawepo ndi mmodzi yemwe.

Sindingabise kuti pa mpando wa mfumu yangayi pali minga. Funso limene munthu wanzeru safunsa ali ndi firizesi m'kamwa ndi lakuti madziwa anatungidwa kuti. Pakuti kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka, ndipo tikafika m'mimba yofunda timadzuka ndi mphamvu. Ife a ku Machinga sitiseka pa nkhani imeneyi, chifukwa kolera amene anasautsa dziko lonse mu 2022 ndi 2023, napha anthu oposa 1,700, anayamba kuoneka m'boma lathu lino mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangodutsa kumene. Nthawi zotere pamabwera mabwana a galimoto yokhala ndi chimkuzamawu padenga, nalengeza kuti kugulitsa mafirizesi kwaletsedwa, nalanda bokosi la mayi wamasiye pa geti la sukulu. Ndipo n'zoona kuti moyo uposa malonda. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti galimoto yomweyo imadutsa pa mjigo umene unathyoka mvula ya chaka chatha isanagwe, pamene amayi amabwerera ndi zidebe zopanda kanthu kupita kukatunga kuchithaphwi, ndipo pamenepo chimkuzamawu chimakhala chete, magalasi ali otseka chifukwa m'katimo mukuzizira bwino.

Za machubu otayidwa ndiye musanene. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo mu 2019 Khothi Lalikulu la Apilo linagamula kuti lamulolo likhale. Koma pitani pa bwalo la sukulu iliyonse m'chilimwe mukaone zimene mphepo yaunjika m'munsi mwa mpanda, ndipo funsani opha mbuzi pa msika zimene amapeza m'chifu. Nawo mtengo sunatsale m'mbuyo. Tinkagula ndi matambala, lero matambalawo ana sawadziwa n'komwe. Ndipo kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa nayamba kuyenda ngati mlendo wolemekezeka, mfundo ya firizesi yakhala ikutsika chaka ndi chaka, kotero kuti mchira wopanda kanthu wa pamwamba pa mfundo tsopano watalika kuposa mwini wake. Akatswiri a zachuma amene amavutika ndi mapepala ku Lilongwe akanangobwera ndi lula kudzayeza mchira umenewu.

Wina adzati, nanga bwanji osadzipangira wekha wa chipatso chenicheni, wa madzi odziwika kwawo? Njira yake ndi yapafupi, ndipo ndiipereka ulere. Mandimu, mosiyana ndi abale awo onyada aja, amapezekabe pa msika ngakhale kutatentha. Wiritsani malita awiri a madzi, musungunuliremo kapu imodzi ya shuga akadali otentha, muponyemo kakhungu ka ndimu kosenda mopyapyala, kopanda choyera chija chowawa, ndipo muvundikire mpaka azizire. Pamenepo finyiranimo mandimu asanu kapena asanu ndi limodzi, musefe njere, mulawe. Azitsekemera kupitirira pang'ono pa mmene mumafunira, chifukwa lilime lozizidwa limamva shuga mochedwa. Thirani m'machubu ndi fanulo, musiye mpata pakuti madzi akaundana amafufuma, mumange mfundo zolimba.

Apa ndiye pamathera zapafupi, chifukwa firiji ndi ya mwini. Muyenera kunyamula beseni lanu kupita kwa mayi a nyumba ya malata ija ya magalasi a dzuwa padenga, amene amuna awo ali ku Joni, n'kugwada pakhonde, n'kufunsa za moyo wa ana onse mmodzimmodzi ndi za bambo ngati aimba foni, musanatchule chimene mwadzera. Iwo adzausa moyo, nadzati, "Achimwene, firijitu yadzaza ndi nsomba za alamu anu, koma poti ndinu, siyani." M'mawa mwake mudzalandira mafirizesi anu atachotsedwapo chakhumi, chimene pa masamu a m'nyumba imeneyo chimakhala atatu pa khumi alionse, ndipo otsalawo adzakhala ndi kafungo ka matemba kamene simunakalembe pa njira ya kapangidwe. Mukawagawira ana a pakhomo panu, monga ndinachitira ine, adzawatembenuza uku ndi uku, nadzaona kuti ndi otuwa, nadzayamwa mwaulemu chifukwa akukuopani. Kenaka wamng'ono pa onse adzatulutsa lilime, nadzaliyang'ana ndi maso opingasa, napeza kuti silinasinthe mtundu, ndipo adzakufunsani ngati mungamupatseko ndalama akagule weniweni wa lalanje.